MTHENGA WOONA NDI MTHENGA WOKOMETSA

Pakati pa anthu okonda kumvera nyimbo m'nyumba zao pali mtsutso umene unayamba kalekale, ndipo kufikira lero sunathe. Mtsutsowo ndi wa makina oimba, ndiwo galamafoni, wailesi, ndi zokuzira mau zija anthu amaziimika m'cipinda cocezera. Ena amati makina abwino ndiwo amene amabweza mau monga anawalandirira, osaonjezapo kanthu, osacotsaponso kanthu, ngakhale mauwo akhale okhakhala. Koma ena amati iai, munthu sagula makina kuti akhale mboni m'bwalo la milandu, koma kuti amsangalatse pamene wabwera ku nchito ali wotopa. Cotero ngati makinawo afewetsa mau ndi kuwapatsa kukoma kumene analibe, acita bwino ndithu.

Poyamba nkhaniyi ioneka ngati ya amisiri a magetsi ndi eni masitolo okha. Koma munthu akaiganizira bwino apeza kuti ndi funso lakale, limene makolo analidziwa galamafoni isanafike: kodi wotumidwa ndi mau a mwini ali nao ufulu wakuwakometsa pa njira? Pakuti makina oimba ndi mthenga. Woimba anaimba ku Lusaka, kapena ku Kinshasa, kapena ku London, mwina zaka 50 zapitazo, ndipo womvera sanali komweko. Iye amangolandira cimene makina amtengera. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, pocenjeza kuti mau opita m'kamwa mwa wina safika monga anacokera.

M'mene Mau Amakometsedwera

Mau onse ndiwo kunjenjemera kwa mpweya. Khutu la munthu wacinyamata limamva kunjenjemera kuyambira ka 20 kufikira ka 20,000 pa sekondi imodzi. Kunjenjemera kocepa ndiko mau akuya a besi, monga a ng'oma yaikulu. Koculuka ndiko mau osongoka, monga a cisekese kapena a mbalame. Makina oona amapereka mau a pansi, a pakati ndi a pamwamba mwa muyeso womwewo umene anaupeza pa mbale. Makina okometsa amakweza ena natsitsa ena. Bokosi la cokuzira mau likapangidwa kuti lidzigunda kwambiri, nyimbo iri yonse imamveka yonenepa. Mau a pamwamba akacepetsedwa, nyimbo imafewa, ndipo phokoso la singano limabisika; koma pamodzi ndi phokosolo pamatayikanso zina zofunika. Telefoni ya mawaya inkangotenga mau a pakati pa 300 ndi 3,400, ndico cifukwa cace pa telefoni yotere kumabvuta kusiyanitsa munthu wonena za kusula ndi wonena za kufula.

Palinso njira yaciwiri, yobisika koposa. Mau asanafike ku cokuzira amapita m'cipangizo cowapatsa mphamvu, cochedwa ampulifaya. Maampulifaya akale ankagwira nchito ndi mavalavu, timababu ta galasi totentha. A masiku ano ambiri amagwira nchito ndi transistor, imene inapangidwa m'caka ca 1947. Ena mwa maampulifaya a mavalavu ali ndi khalidwe lakuti akalandira liu lonjenjemera ka 440, amaonjezapo kaliu kang'ono konjenjemera ka 880, kamene woimba sanakaimbe. Kaliuko sikatsutsana ndi liu loyamba. Kamagwirizana nalo monga amai ndi abambo akamaimba nyimbo imodzi, ena pamwamba ena pansi. Khutu limamva kudzala ndi kufunda, ndipo limakondwera. Kumeneku ndiko kukometsa kumene anthu ena amakulipirira ndalama zambiri.

Mau a Okonda Kukometsa

Si bwino kuweruza mlandu mwini wace asanalankhule, ndipo okonda kukometsa ali nazo zifukwa zolimba.

Coyamba amati cimwemwe ca nyimbo sicidikira makina angwiro. M'caka ca 1949 m'dziko lino munafika wailesi yaing'ono ya batire yochedwa Saucepan Special, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain mwa pempho la Harry Franklin, ndipo inkagulidwa pa mtengo wa mapaundi 5. Cokuzira cace cinali cacing'ono, cosatha kutulutsa mau akuya a ng'oma, ndiponso mlengalenga munali kusokosa. Komabe mudzi wonse unkasonkhana pa khonde limodzi kumvera Alick Nkhata ndi anzace akuimba kucokera ku Lusaka, ndipo palibe angatsutse kuti anthu aja anakondwera koposa olemera ambiri a makina odula. Ndiponso mbale zakuda za galamafoni, zimene zimathetheka ndi kutha ndi singano, zinayesedwa zakufa pamene CD inabwera m'caka ca 1982; koma m'caka ca 2022 ku America zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, cinthu cimene cinali cisanacitike kuyambira 1987. Anthu anabwerera ku cinthu cimene miyeso ya amisiri imati ncocepa pa coonadi, cifukwa mtima wao unacikonda.

Caciwiri amafunsa kuti, kodi mau enieniwo ali kuti? Kuyambira 1915 kampani ya Thomas Edison inkacititsa zionetsero m'mizinda ya America: woimba ankaima pambali pa galamafoni, naimba pamodzi nayo, nyali nkuzimitsidwa, ndipo poyatsanso anthu ankaona kuti woimba wacoka ndipo galamafoni yokha ndiyo iri kuimba. Khamu linkazizwa. Koma patapita zaka zambiri mmodzi wa oimbawo, Anna Case, anaulula kuti iye anaphunzira kufanizira mau ace ndi a makinawo. Motero sanali makina amene anafanana ndi munthu, koma munthu ndiye anadzifanizira ndi makina. Ndipo masiku ano nyimbo zambiri sizijambulidwa nthawi imodzi. Wa ng'oma amaimba Lolemba, wa gitala Lacitatu, woimba ndi pakamwa sabata yamawa, ndipo mmisiri amazisakaniza zonse pambuyo pace. Nyimbo yotere sinamvekepo m'cipinda ciri conse monga imvekera pa mbale. Nanga makina angakhale bwanji okhulupirika kwa cinthu cimene sicinakhalepo?

Cacitatu amati khutu lomwe si muyeso woongoka. M'caka ca 1933 Harvey Fletcher ndi Wilden Munson anasonyeza kuti nyimbo ikatsitsidwa, khutu limayamba kutaya mau a besi msanga koposa mau a pakati. Ndico cifukwa cace maampulifaya ambiri anapatsidwa batani lolembedwa kuti Loudness, loonjeza besi pamene munthu amvera motsitsa usiku ana atagona. Apa kuonjeza ndiko kumabweza coonadi, ndipo kusaonjeza ndiko kumanama. Ndiponso m'caka ca 1945 amisiri awiri a nyumba ya wailesi ya CBS, Chinn ndi Eisenberg, anamvetsera anthu nyimbo pa zokuzira mau, nthawi zina ndi mau onse, nthawi zina atadula a pamwamba, ndipo oculuka anasankha nyimbo zodulidwazo. Ogulitsa mawailesi anakondwera ndi mbiriyi, nati anthu safuna coonadi.

Cimene Mayesero Anasonyeza

Koma nkhani sinathere pomwepo. Mmisiri wina wa kampani ya RCA, Harry Olson, anakaika. M'caka ca 1947 anafalitsa zotsatira za mayesero amene munalibe waya kapena cokuzira ciri conse. Anaika gulu la oimba enieni kuseri kwa nsaru, ndipo pakati pa iwo ndi omvera anamangapo cochinga cokhala ndi zitseko, zimene zikatsekedwa zinkaletsa mau onse opitirira 5,000, koma zikatsegulidwa mau onse ankapita. Omverawo sanali kuona kanthu. Pafupifupi awiri mwa atatu ali onse anasankha mau athunthu. Tanthauzo lace linali loonekeratu: anthu a m'caka ca 1945 aja sanakane coonadi ai, anakana kukhakhala kumene makina a nthawi ija ankaonjeza pa mau a pamwamba. Anali ngati wodwala dzino amene amasankha phala, osati cifukwa adana ndi nyama, koma cifukwa kutafuna kumpweteka.

Zaka zambiri pambuyo pace Floyd Toole, pogwira nchito m'bungwe la boma la Canada lofufuza za sayansi ku Ottawa, anacita mayesero ena aatali, nafalitsa zotsatira zace m'zaka za 1985 ndi 1986. Iye ankabisa zokuzira mau kuseri kwa nsaru, nazilinganiza kuti pasakhale colira koposa cinzace, napempha anthu kuti anene cimene cawakomera. Anapeza kuti anthu a makutu abwino amagwirizana kwambiri, ndipo zimene amazisankha ndizo zomwezo zimene miyeso imati nzoongoka, zosakweza mau ena ndi kutsitsa ena. Cokoma ndi coona, zimene anthu anaziyesa adani, zinapezeka zitakhala pa mphasa imodzi.

M'caka ca 1994 Toole pamodzi ndi Sean Olive, ali ku kampani ya Harman, anaonjeza cina. Anamvetsera anthu zokuzira zomwezo kawiri, nsaru itatsekedwa ndiponso nsaru itatsegulidwa. Pamene anthu anaona ndi maso, zazikulu zonyezimira ndi zodula zinayamba kuyamikiridwa koposa kale, ndipo cacing'ono cochipa cinatsika, ngakhale mau sanasinthe. Cikomekome ca mkuyu cinanyenga ngakhale amisiri ozolowera nchitoyo. Zimenezi ziphunzitsa kuti kukoma kwina kumene munthu amati wakumva ndi khutu, wakumva ndi diso ndi thumba lace.

Cinacitikanso cina m'caka ca 1985 cimene ciyenera kukumbukiridwa. Wopanga maampulifaya wina, Bob Carver, anauza akonzi a magazini ya Stereophile kuti angathe kusintha ampulifaya yace yochipa ya transistor kuti imveke cimodzimodzi ndi iri yonse imene iwo angasankhe. Iwo anasankha ya mavalavu, yodula kwambiri. M'masiku owerengeka Carver anaonjeza pa yaceyo zopotoka zonse za inzaceyo, kufikira kusiyana kwa ziwirizo kunatsala pang'ono kuzimiririka, ndipo akonziwo anabvomera kuti analephera kuzisiyanitsa. Cotero kufunda kwa mavalavu si matsenga ai. Ndi cinthu coyesedwa, cimene cingathe kuikidwa pa makina oona. Koma kucotsa kufundako pa makina amene anabadwa nako ndi nchito yobvuta koposa.

Mwini Mcere Ndani?

Tsono funso lenileni si lakuti kukometsa mau ncoipa kapena cabwino, koma lakuti ndani ali nao ulamuliro wakukometsa. Anthu a kuno sanayesepo kuti liu losalala ndilo lokhalo lokoma. Woomba ng'oma amamata phula pakati pa cikopa kuti liu lace likuye, naiwamba pa moto kufikira imveke monga iye afunira. Woimba kalimba kapena ulimba amaboola cigubu, namatapo kanembanemba ka kangaude, kuti liu liri lonse lituluke ndi kunjenjemera kwace. Mlendo wosadziwa angayese kuti cipangizoco casweka, koma mwini wace adziwa kuti popanda kunjenjemerako nyimbo yafa. M'zaka za m'ma 1970 oimba a Zamrock, monga Paul Ngozi ndi gulu la WITCH, ankakhakhalitsa dala magitala ao a magetsi kuti alire mokalipa. Onsewa anakometsa mau, ndipo anali nao ufulu, pakuti nyimbo inali yao.

Apa ndipo payankhidwa funso lija lakuti mau enieni ali kuti. Nzoona kuti nyimbo yosakanizidwa ndi mmisiri sinaimbidwepo nthawi imodzi. Koma linalipo tsiku limene oimba ndi mmisiriyo anakhala pansi, namvera, nati, yatha, ipite. Cimene anabvomereza tsiku limenelo ndico kalata yosainidwa. Kalaliki wokopera kalata ya mfumu saloledwa kuikamo mau aulemu amene mfumu sinanene, ngakhale aone kuti kalatayo ndi yaukali. Ndipo womasulira m'bwalo la milandu akafewetsa mau a mboni cifukwa ca cifundo, waononga mlandu. Ubwino wa mtima wace sumpatsa ulamuliro pa mau a mwini.

Ndiponso makina okometsa alibe nzeru yakusankha. Wophika wabwino amathira mcere wina mu nkhwani, wina mu nsomba youma imene ili nao kale mcere, ndipo mu thobwa sathiramo konse. Koma makina amathira muyeso umodzi mu mphika uli wonse. Besi imene ikometsa nyimbo ya kalindula ndi yomweyo imene imaphimba mau a wowerenga nkhani. Kufewa kumene kubisa kukhakhala kwa mbale yojambulidwa moipa ndi komweko kumene kumapha kunjenjemera kwa kalimba. Mwini makina otere akamvera oimba zana limodzi, amamva onse atabvala malaya amodzi. Amayesa kuti amakonda oimba ambiri, koma kwenikweni amakonda liu limodzi, la bokosi lace. Ndipo khutu limazolowera monga lilime: wothira masupuni anai a shuga mu tiyi tsiku ndi tsiku amafika poyesa kuti tiyi weniweni ngwowawa.

Komabe womvera naye ali nalo gawo lace. Ndiwo zikafika pa mphasa, wakudya ali ndi ufulu wakuonjeza mcere m'mbale yace, ndipo palibe wophika wanzeru amene angakwiye. Ofufuza omwe aja anapeza kuti ngakhale anthu amagwirizana pokana mau opotoka, amasiyana pa kuculuka kwa besi imene amaifuna, ndipo acinyamata kawirikawiri amafuna yoculukirapo. Nkhalamba imene makutu ace ayamba kutaya mau a pamwamba icita bwino kuwakweza. Womvera usiku acita bwino kukanikiza batani lija. Cipinda ca simenti copanda makatani cimasintha mau mosiyana ndi cipinda ca mipando yofewa, ndipo mwini nyumba ayenera kukonza zimenezo. Mcere wotere ndi wa pa mphasa: munthu amauthira akudziwa, ndipo mawa angathe kuusiya. Mcere woopsa ndiwo wophikidwira mu mphika momwe, umene wakudya saudziwa ndipo sangathe kuucotsa.

Kusowa ndi Kunyenga

Mpofunikanso kusiyanitsa mthenga wosauka ndi mthenga wonyenga. Wailesi ya Saucepan ija sinatenge mau onse cifukwa inalibe mphamvu, ndipo sinadzichule konse kuti ndi yangwiro. Kafoni ka m'manja kamene mnyamata amamverapo nyimbo poweta ng'ombe kali cimodzimodzi. Palibe colakwa pamenepo, ndipo wonyoza mnzace cifukwa ca makina ochipa asonyeza kuti akonda mabokosi koposa nyimbo. Wokonda coonadi nayenso ali nalo dzenje lace: angathe kutha moyo wace wonse akuchera khutu ku zolakwa za makina, osamvanso cimene woimba ali kunena, monga munthu woitanidwa ku ukwati amene angoyang'ana ngati mbale zatsukidwa bwino.

Colakwa ciri pamene kukometsa kugulitsidwa ndi dzina la coonadi. Wogulitsa akanena poyera kuti ampulifaya iyi imaonjeza kufunda, ndipo wogula akaifuna akudziwa, malondawo ngolungama. Munthu angathe kukonda mavalavu ndi mbale zakuda monga ena akonda nsima ya mgaiwa koposa ya ufa woyera, ndipo palibe womweruza. Koma wogulitsa akanena kuti makina ace okometsa ndiwo amene amaulula mau enieni a woimba, natenga ndalama za miyezi yambiri pa mau amenewo, ali ngati mwini sitolo wa sikelo yopotoka. Ndipo wogula amene wakonda kufundako, nayamba kulalikira kuti iye yekha ndiye akumva zoona, wadzinyenga yekha. Kunena kuti ici candikomera ndi mau amodzi. Kunena kuti ici ndico coona ndi mau ena. Ndipo munthu wolungama sawasinthanitsa.

Cifukwa cace wofuna makina a m'nyumba acita mwanzeru akayamba wafuna oona monga thumba lace lilola, okhala ndi mabatani akuonjeza ndi kucepetsa, kuti mcere ukhale m'dzanja lace. Poyesa asamvere nyimbo imodzi yokha imene wogulitsa wamsankhira, koma zamitundumitundu, ndiponso mau a munthu wolankhula, pakuti khutu limadziwa bwino liu la munthu koposa liu lina liri lonse. Asalole kuti makina amodzi alizidwe mokweza koposa anzace, popeza cokwezedwa pang'ono cimamveka ngati cabwino. Ndipo ngati nkotheka amvere atatsinzina.

Pali cifukwa cina comaliza, ndico cacikulu koposa. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 Hugh Tracey anayenda m'midzi ndi m'migodi ya dziko lino ndi maiko oyandikana nalo akujambula nyimbo za anthu, ndipo m'caka ca 1954 anakhazikitsa nyumba yozisungira, imene tsopano iri pa Rhodes University ku South Africa. Ambiri mwa amene anaimba pamaso pace anapita kale kumanda. Sangathenso kuimirira ndi kunena kuti, iai, sindinaimbe cotero. Catsala ndi mau ao okha, pamodzi ndi kusasa kwa kukhosi kwa nkhalamba, kupuma kwa amai apamtondo, ndi kunjenjemera kwa kanembanemba pa cigubu. Mdzukulu wofuna kumva agogo ace safuna kuti makina awapatse liu lokoma koposa limene anali nalo. Afuna liu lomwelo limene linkamveka pa bwalo madzulo. Wamoyo angathe kudzudzula mthenga wace akanama, koma wakufa amangodalira kukhulupirika kwa amene wasenza mau ace.